A Whiteson Tembo Asakasaka Wodwala

Kudera la Zingalume, m'zaka za m'ma 1990, munthu akadwala mpaka kulephera kuyenda, abale ake sankataya nthawi n'kumaganiza za galimoto. Ankathamangira kwa a Whiteson Tembo, bambo wamfupi wadazi amene ngolo yawo ya ng'ombe inali ambulansi ya midzi yonse yozungulira.

A Whiteson anabadwira komweko. Sukulu anaisiya atangodziwa kulemba dzina lawo, ndipo akafunsidwa chifukwa chake ankati aphunzitsi anayamba kubwerezabwereza zinthu. Ali mnyamata anakwera basi kupita ku Kitwe kukafuna ntchito ya mumgodi, koma ataliona dzenje lolowera pansi anabwerera chafutambuyo. "Pansi ndidzapitako kamodzi kokha," anauza anzawo, "ndipo tsikulo mudzachita kundinyamula." Anatsuka mbale m'kantini ina kwa zaka zingapo, kenako anabwerera kumudzi ndi jekete lalikulu kuposa thupi lawo komanso wailesi yosalankhula. Anakwatira a Enelesi, mayi wofatsa amene ankaimba kwaya kutchalitchi cha Katolika cha m'mudzimo, ndipo anabereka mwana wamkazi dzina lake Mphatso. Chaka china thonje litachita bwino anagula ngolo ndi ng'ombe ziwiri zokoka. Ina anaitcha Tikafika, inzake Mawa. Aliyense amene anaona mayendedwe a ng'ombezo anavomereza kuti mainawo sanalakwike.

Za ambulansi sanazilotepo n'komwe. Chinayambitsa ndi chitseko. M'chaka cha chilala cha 1992 anthu ankadwala pafupipafupi, ndipo ponyamula wodwala kupita naye kukiliniki ya ku boma ankamugoneka pachitseko. Mwatsoka, chitseko cha matabwa cholimba m'mudzi monse chinali cha a Whiteson. Anthu ankangofika, "Odi, odi!" n'kuyamba kuchizula. Chikapita chinkatha masiku chisanabwerere, ndipo masiku onsewo mbuzi zinkalowa m'nyumba momasuka ngati eni ake. Tsiku lina a Enelesi anapeza mbuzi itaima pabedi ikutafuna buku lawo la nyimbo. Madzulo ake a Whiteson analumbira anthu akumva kuti chitseko chawo sichidzapitanso kuchipatala. Anayala udzu ndi mphasa m'ngolo, n'kujambula mtanda wofiira mbali zonse ziwiri ndi penti yotsala kusukulu.

Ku Kitwe anaionako ambulansi yeniyeni, choncho ankadziwa kuti ambulansi iyenera kulira. Popeza ngolo inalibe cholizira, ankalira okha ndi pakamwa: "Wiiyoo! Wiiyoo! Patukani!" Tikafika ndi Mawa zinkangoyenda mwa masiku onse, moti amayi osenza nkhuni ankaipitirira ngoloyo, kupereka moni kwa wodwala, n'kufunsanso za ana kunyumba. Koma kufika, anthu ankafika, ndipo ambiri anapulumuka. Wochira ankabweretsa chimene ali nacho, wina nkhuku, wina lichero la mtedza, wina dzungu. Wopanda kanthu ankangogwada n'kuomba m'manja, ndipo a Whiteson ankati zikomo naye ndi katundu, amangovuta kuphika.

M'nyengo yozizira ya 1996, anthu atamaliza kukolola, kunafika mlendo atakhala pakaliyala ya njinga ya katekisiti. Anali mtsikana wa magalasi, dzina lake Comfort Sakala, wa ku Chipata koma wophunzira pa yunivesite ku Lusaka. Atamupatsa mpando anafotokoza chimene anadzera.

"Atate, ndikuchita kafukufuku wa anthu amene amayambitsa bizinesi yodzidyetsa yokha, koma cholinga chake n'kuthandiza mudzi. Kuparishi andiuza za ngolo yanu. M'mabuku athu munthu ngati inu timamutcha soshoo entapulenuwa."

A Enelesi, amene ankaswa mtedza pakhonde, anasiya.

"Ndimanena ine kuti kutsokomola kwawoku si kwabwino," anatero. "Kodi zimachizika?"

"Si matenda, amayi," Comfort anayankha akuseka. "Ndi ulemu."

"Tanenaninso pang'onopang'ono, amayi a sukulu," anatero a Whiteson, atasendeza mpando pafupi.

Comfort ananenanso, iwo n'kumatsatira ndi milomo. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti a Tembo ndi Entapulenuwa. Ena anaganiza kuti alowa mpingo watsopano, moti Lamlungu katekisiti anachita kuima kutsogolo n'kulengeza kuti a Tembo akadali Mkatolika.

Comfort anali ndi kawailesi kojambulira mawu, ndipo a Whiteson anakakonda kuposa china chilichonse chimene anaonapo. Akafunsidwa kuti ng'ombe amazidyetsa chiyani, ankayambira tsiku limene anakwera basi ya ku Kitwe. Akafunsidwa kuti matayala akaphulika amatani, ankayambiranso pa basi yomweyo. Makaseti atatsala pang'ono kutha, Comfort anakazimitsa kawailesi kaja.

"Atate, zolankhula zakwana. Aphunzitsi anga anandiuza kuti ndisangolemba zakumva. Ndiyenera kukwera nawo ngoloyi ikunyamula wodwala, ndione ndi maso anga."

"Zimenezo n'zosavuta," anatero a Whiteson. "Kuno anthu amadwala tsiku lililonse."

Koma kuyambira tsiku lomwelo palibe anadwala. Udzudzu unali utatha ndi kuzizira, nkhokwe zinali zodzaza, ndipo anthu a ku Zingalume anangokhala athanzi ngati achita kupangana. M'mawa uliwonse a Whiteson ankavala jekete lawo la ku Kitwe ndi tayi yobwereka kwa mphunzitsi, kumanga ng'ombe pagoli, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango maso ali kunjira. Comfort ankakhala pambali pawo akuwerenga buku. Dzuwa likapendeka ankamasula ng'ombe mwamanyazi.

Sabata itatha, manyazi anawakulira. Mwana wa eni wachokera ku Lusaka, abwerere chimanjamanja? Anaganiza zoyamba kuyendera anthu okha.

"Odi kuno! Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka bwino, a Tembo, kaya inu?"

"Nonse mwadzuka bwino? Ngakhale achikulire aja?"

"Ngakhale achikulire. Apita kudimba."

"Mutu osawawa? M'mimba? Kachizungulire pang'ono?"

"Ayi ndithu, tili bwino."

"Pepani," ankatero a Whiteson mokhumudwa, n'kupita khomo lina.

Sipanatenge nthawi, anthu anayamba kuwaopa. Mayi wina ankawaza madzi odalitsidwa pamene a Whiteson aponda. Wogwidwa ndi chifuwa ankakatsokomolera kuseri kwa khola. Bambo wina amene anadzitema chala ndi nkhwangwa anabisala m'nkhokwe mpaka a Whiteson atadutsa.

"Bambo a Mphatso," a Enelesi anawachenjeza, "kuchitsime anthu akuti mukufuna kuwalodza kuti ngolo ipeze ntchito. Siyani kufunsa anthu za m'mimba."

Tsiku lomwelo Comfort ananena kuti Loweruka ayenera kubwerera, wodwala apezeke kapena asapezeke. Apa m'pamene a Whiteson anakumbukira alamu awo, a Lenard, mlongo wa a Enelesi. A Lenard anali munthu wamtali wokonda zaulere, wotchuka paparishi chifukwa chaka chilichonse pa sewero la Lachisanu Loyera ankakhala wakuba wopachikidwa kumanzere, ndipo ankakuwa mpaka ana kuthawa m'tchalitchi.

A Whiteson anawapeza akusoka thumba la thonje.

"Alamu, ntchito yake ndi yogona basi. Mugone m'ngolo, mubuule pang'ono. Tikafika ku boma munene kuti mwapezako bwino, ine ndikugulirani tiyi ndi mabanzi."

"Kubuula n'kowawa pakhosi, alamu," anatero a Lenard. "Muonjezere kanyama kootcha."

"Chabwino. Koma pang'ono pokha, mwamva? Uku si kupachikidwa."

M'mawa mwake a Whiteson anathamangira kumene Comfort ankagona akukuwa kuti wodwala wapezeka. A Lenard anali atagona kale m'ngolo, atafunda bulangeti mpaka m'khosi, nkhope atapaka phulusa. A Enelesi anatuluka m'nyumba, kuyang'ana mlongo wawo, kuyang'ana amuna awo, n'kupukusa mutu.

"Muyende bwino, odwala," anatero, n'kubwerera m'nyumba.

Comfort anakwera n'kukhala pambali pa a Lenard, kawailesi kali pamiyendo. A Whiteson anakweza chikwapu, anatsokomola kukonza mawu, ndipo ulendo unayambika. "Wiiyoo! Wiiyoo! Patukani!"

Poyamba a Lenard anasunga pangano. Koma ataona kaseti ikuzungulira, mzimu wa Lachisanu Loyera unawagwira.

"Mayo ine! Ndikufa ine! Dziko lapansi, tsala bwino!"

"Mukumva kuwawa pati, atate?" Comfort anafunsa.

"Apa," anatero a Lenard atagwira nthiti za kumanja.

Atayenda pang'ono Comfort anafunsanso, ndipo a Lenard anagwira bondo la kumanzere.

"Paja munati nthiti?"

"Zimayendayenda, mwana wanga. Ndiye kuopsa kwake."

Kenako anayamba kugawa chuma. Khasu anapatsa mwana wawo woyamba, nsapato anapatsa katekisiti, ndipo zawo zitatha anayamba kugawa za eni.

"Ndikafa, Mawa mukampatse mkazi wanga azilimira."

A Whiteson anatembenuka, mano atakukuta. "Mawa ndi ng'ombe yanga, alamu," ananong'oneza.

"Mukukangana ndi munthu wakufa? Ndi ngolo yomwe mumpatse!"

Kukuwa kuja kunamveka m'midzi ya m'mbali mwa njira. Amayi ena amene ankapita kuchigayo anatula matumba, n'kuyamba kutsatira ngolo akuimba nyimbo zotsanzikana ndi odwala. Gulu linkakulirakulira. A Whiteson thukuta linali kamukamu m'jekete ngakhale kunkazizira. Anayamba kuona kuti bodza lawo lakula kuposa ngolo, ndipo sankadziwa kuti akalitsitsira pati.

Atayandikira dambo la pakati pa ulendo, mayi wachikulire anatulukira pakanjira akukupiza chitenje. Anali a Elinata a m'mudzi wa tsidya lija.

"A Tembo, imani! Mulungu wakutumani! Mpongozi wanga Philomena nthawi yake yakwana, koma azamba akuti mwana sakubwera bwino. Akuti tithamangire kukiliniki."

Kumbuyo kwawo amayi awiri ankabwera atamugwirira Philomena, amene ankaponda pang'ono n'kuima, milomo atailuma. Iye sankakuwa n'komwe. M'ngolo munali malo ogona munthu mmodzi yekha.

A Whiteson anamuyang'ana mtsikanayo, ndipo za yunivesite zonse zinawachoka m'mutu. Anavula tayi n'kuiponya m'ngolo.

"Alamu, tsikani."

"Ine ndine wodwala," anatero a Lenard ndi mawu onjenjemera.

"Mwachira. Tsikani msanga!"

A Lenard anadzutsa mutu, anamuona Philomena, ndipo anadumpha m'ngolo ngati mnyamata. Bulangeti litagwa, makoko a mtedza anamwazika pansi ponse. Amayi oimba aja anangoti kakasi, kenako mmodzi anakuwa kuti, "Chozizwitsa!" ndipo onse anayamba kululuta. A Lenard analibe nthawi yowafotokozera. Anamunyamula Philomena mosamala n'kumugoneka paudzu, a Elinata anakwera, ndipo Comfort anaika mutu wa mtsikanayo pamiyendo pake. Kawailesi anakakankhira pakona.

Kuchokera padambo njira inali yokwera. Tikafika ndi Mawa zinafika pamchenga n'kuima kuti ziganizire za moyo. A Whiteson anazichonderera, anazitukwana, anazilonjeza madeya, koma sizinasunthe. Amene anapulumutsa zinthu ndi a Lenard, munthu amene posachedwapa ankagawa chuma. Anaika phewa kumbuyo kwa ngolo, amayi a kuchigayo anagwira mbali zonse, ndipo anakankha mpaka ng'ombe zinachita manyazi n'kuyamba kuyenda. Mawu a a Whiteson anali atasasa, choncho ntchito yolira anaitenga a Lenard, ndipo anthu a ku boma amati tsikulo ambulansi anaimva isanaoneke n'komwe.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Anamwino anamulowetsa Philomena mwachangu, ndipo pasanapite nthawi yaitali kunamveka kulira kwa khanda. Anali mwana wamkazi, ndipo mayi ake anali bwino. A Elinata anavina pakhonde la kiliniki mpaka duku kugwa.

A Whiteson anakhala pansi pa mthunzi. Ankaganiza kuti mwina pachipwirikiti chija Comfort waiwala za wodwala woyamba. Koma anamuona akulankhula ndi namwino wina wonenepa, akuloza a Lenard.

"Asisita," anatero Comfort, "atate awa anali kufa m'mawa. Matenda awo amayendayenda, amachoka m'nthiti kupita m'bondo."

Namwinoyo anayang'ana phulusa limene linkayenderera ndi thukuta pankhope ya a Lenard, anayang'ana Comfort, ndipo anamvetsa.

"Amenewo timawadziwa," anatero mosaseka. "Mankhwala ake ndi jekeseni wamkulu uja. Lowani, bambo, mumasule lamba."

A Lenard sanatsanzike. Anadumpha kampanda ka maluwa n'kulowera kumsika, ndipo anawapeza madzulo atakhala pamalo ootchera nyama akudikira malipiro awo.

Comfort anabwera n'kukhala pambali pa a Whiteson.

"Munadziwa liti, amayi a sukulu?" a Whiteson anafunsa, maso ali pansi.

"Tisanatuluke m'mudzi. Munthu wakufa satafuna mtedza m'bulangeti."

"Ndiye kafukufuku ndamuononga."

"Ayi, atate. Zimene ndinadzera ndaziona, mwana uja ndi uyo akulira m'katimo. Ndiponso masiku aja tinkakhala pansi pa mango ndinaphunzirapo kanthu. Wogulitsa sopo akasowa makasitomala amalira, ndipo n'zomveka. Koma inu mukasowa makasitomala ndiye kuti mudzi uli bwino. Bizinesi yotere iyenera kukhala ndi chochita china nthawi imene anthu ali athanzi, apo ayi mwini wake ayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa za m'mimba. Ndikalemba zimenezo."

A Whiteson anaganiza mozama.

"Za alamu musalembe. Ali ndi ana."

"Ndiwasinthira dzina."

"Koma langa musasinthe. Whiteson, W wamkulu."

Comfort anakwera minibasi ya ku Chipata Loweruka lija. Malangizo ake a Whiteson anawatsatira: nthawi yokolola ngolo inayamba kunyamula thonje ndi chimanga kupita kumsika, mtanda wofiira uli pomwepo. Vuto linali lakuti sankatha kuyendetsa ngolo osalira, choncho anthu ankathamangira kunjira ndi nkhawa n'kupeza kuti wodwalayo ndi matumba a mtedza.

Chaka chotsatira, kudzera kuparishi, kunabwera phukusi. Munali buku lalikulu la chikuto chakuda, la Chingelezi chokhachokha, ndi chithunzi cha Comfort atavala mkanjo wakuda ndi chipewa cha makona anayi pa tsiku lolandira digiri. A Whiteson Chingelezi sankachidziwa, koma dzina lawo ankalidziwa. Ananyowetsa chala n'kuyamba kutsegula masamba. Apa Whiteson, apo Whiteson, kutsogoloku Whiteson.

"Amake Mphatso, tabwerani muone. Dzina la mtsikana uja lili pachikuto pokha. Langa lili m'kati monse. Ndiye digiriyi ndi ya ndani?"

"Ndi ya amene anapita kusukulu," anatero a Enelesi.

"Iye anapita kusukulu kukaphunzira ine. Ine ndiye sukuluyo."

Sabata yomweyo anapalasa njinga kupita ku boma ndi chithunzi chija, n'kuuza telala kuti awasokere mkanjo ngati womwewo. Chipewa anapanga okha ndi katoni ya sopo yokutidwa ndi nsalu yotsala, ndipo kachingwe kolendewera anadula kumchira wa Mawa. Lamlungu anavala zonsezo kutchalitchi. Anthu ena achilendo anawagwadira poganiza kuti ndi wansembe watsopano.

Mkanjowo unagwira ntchito ya ambulansi tsiku limodzi lokha. Wodwala wake anali a Timoti, nkhalamba imene malungo anaigwetsa mpaka kusadziwa kanthu. Ali pakati pa ulendo a Timoti anatsitsimuka, anatsegula maso, n'kuona munthu wovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi ataima pamwamba pawo akulira mokweza, abale akutsatira pambuyo mwakachetechete. Anadzuka n'kukuwa kuti, "Ndikali moyo! Musandikwirire!" Anatsika ngolo ikuyenda, ndipo anakana kukweranso. Ulendo wotsalawo anayenda wapansi atagwiriridwa ndi ana awo, ambulansi ikutsatira pambuyo yopanda kanthu.

Nkhaniyo itamveka, odwala anayamba kutumiza uthenga wakuti a Tembo abwere, koma digiri aisiye kunyumba. A Enelesi sanadikire msonkhano. Tsiku lina amuna awo ali kumunda anatenga sizasi, ndipo mkanjowo unasanduka masiketi awiri a Mphatso opitira kusukulu. A Whiteson anakwiya, osalankhula ndi munthu mpaka nthawi ya chakudya.

Chipewa chokha anakana nacho. Ankati chimatchinga dzuwa mbali zonse zinayi. Anachivala poyendetsa ngolo, podulira thonje, ngakhale pokasamba kudambo ankachipachika pamtengo pamalo oti azichiona. Chinatha ndi mvula yoyamba ya 1998, imene inawapeza panjira akuchokera kukiliniki. Katoni inanyowa, makona onse anayi anagwera m'makutu, ndipo anafika kunyumba akuyendetsa ng'ombe mongoganizira chifukwa kutsogolo sankaona.

Comfort anadzakhala mphunzitsi wa pa yunivesite, ndipo patapita nthawi anayamba kutumiza ophunzira ake ku Zingalume nthawi ya tchuthi. A Whiteson ankawalandira pansi pa mango, kuwapatsa mtedza wokazinga, n'kuwauza kuti asaope, mayeso awo si ovuta. Ophunzirawo ankaseka poganiza kuti ndi nthabwala, mpaka a Whiteson atawapatsa goli n'kuwalozera kukhola kumene Tikafika ndi Mawa zinagona zikubzikula, zosafuna kudzuka.